Ziwindi Zachikasu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, anasakaniza chakudya cha nsomba pafamu ya madamu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu ankawatchula kuti a Mphuno, chifukwa chilichonse cholowa m'shedi mwawo, kaya thumba la soya kaya mgolo wa mafuta, ankayamba achinunkhiza asanachilandire. Ine ndinkawaseka kuti ngakhale achemwali anawafunsira atawanunkhiza kaye. Iwo ankangoti, “Mlamu, ukanakhala iwe ndikanabweza katundu.”

Ine ntchito yanga pafamu yomweyo ndi yotumbula nsomba. Lolemba lililonse m'mawa alamu ankavuula nsomba imodzi m'damu n'kubwera nayo patebulo langa kuti ndiitumbule iwo akuona. Za kukula kwake analibe nazo ntchito, ankafuna chiwindi basi. Chikakhala chofiirira ndi cholimba, ankabwerera kushedi akuimba mluzu. Ankati mafuta amene wadyetsa nsomba umakawapeza m'mimba mwake, sabisika.

Mwini famu atamwalira, ofesi inatsala m'manja mwa mwana wake, munthu wa nsapato zosakhudza matope. Iyeyu anati mafuta a nsomba amene tinkathira m'chakudya ndi odula mopanda nzeru. Tsiku lina lole inatsitsa migolo ya mafuta otsala kokazingira m'malesitilanti, akuda bii ngati oilo wa galimoto. Alamu anatsegula mgolo umodzi, ananunkhiza, n'kulavula.

“Bwana, mafuta awa anatha kale ntchito,” anatero. “Nsomba singawagaye. Ingowaunjika m'chiwindi, kenako idzatifera.”

“Madala, mafuta ndi mafuta,” bwana anayankha. “Ngati mphuno yanu yatopa, nenani. Ofuna ntchito ndi nyumba ndi ambiri kunjaku.”

Apo anawagwira pakhosi. Nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shedi inali ya famu, ndipo m'menemo munali achemwali anga, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Bedi lawo linali pawindo kuti aziona amuna awo akudutsa ndi wilibala. Choncho alamu anathira mafutawo, nkhope ili kumbali.

Nsomba zinanenepa, n'zoona. Mimba zinatukuka, bwana n'kumazijambula pafoni akumwetulira. Koma patebulo langa nkhani inali ina. Chiwindi chinayamba kutuwa, kenako chinasanduka chachikasu, chofewa moti ukachigwira chinkanyenyeka m'zala. Matumbo anali atakutidwa ndi mafuta, mpeni n'kumaterereka m'manja. Katatu konse alamu anaika chiwindi m'mbale n'kupita nacho kuofesi, ine ndili pambuyo pawo. Kachitatuko bwana anatseka mphuno n'kutiuza kuti ofesi yake si dzala.

Tsiku lokolola linafika dzuwa likuswa mtengo. Nsomba yathanzi ikamva khoka imalumpha mpaka kukumenya kumaso. Izi ayi. Zinangogwedezeka pang'ono n'kuyamba kutembenuka chagada, imodzi, khumi, kenako osawerengeka. Pofika masana madamu awiri anali atayera mbuu ndi mimba za nsomba. Lole ya ogula inabwerera yopanda kanthu, ife n'kuyamba kukumba maenje.

Mawa lake kunabwera katswiri wa nsomba amene abale a bwana anamuitana. Anaima patebulo langa, ndinamutumbulira zisanu. Anayang'ana ziwindizo n'kufunsa kuti amasakaniza chakudya ndani, nanga bwanji sananene msanga.

“Ndi madala awa,” anatero bwana, osaphethira n'komwe. “Amathira mafuta mwa mutu wawo. Ine sanandiuzepo kalikonse.”

Alamu sanakalipe. Anangotembenukira kwa ine. “Mlamu, tanena iwe. Si paja tinkapita limodzi ndi mbale ija?”

Ndili ndi ana atatu, bambo wawo anapita osatsanzika. Bwana anali akundiyang'ana. Ine ndinayang'ana mpeni wanga.

“Ine ndimangotumbula,” ndinatero. “Za ziwindi sindizidziwa.”

Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero, ndipo ndimadana ndi pakamwa pamene anatulukira.

Bwana anawapatsa alamu masiku atatu kuti atuluke m'nyumba. Achemwali tinawanyamula pamatiresi, anthu anayi, mpaka kukachipinda kanga ka lendi kumapeto kwa msewu. Windo lake limayang'ana khoma la eni nyumba. Tinapachika chinsalu pakati, iwo uko, ine ndi ana kuno. Alamu ntchito ina sanaipeze. Ndani angalembe nkhalamba imene inapha madamu awiri?

Achemwali sadziwa zimene ndinachita, chifukwa alamu sanawauze. Kwa inenso sanaitchulepo nkhaniyi. Bola akananditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Amatunga madzi, amachapa zofunda za akazi awo, amandipatsa moni waulemu ngati mlendo. Zoti akanabweza katundu anasiya kunena.

Kufamu kuli wosakaniza wina, ndipo migolo yakuda ija imabwerabe, angochepetsako muyezo. Nsomba ya Lolemba palibe amaivuula. Koma Lolemba lililonse ndikaweruka, alamu amandidikira pakhomo. Amatenga dzanja langa, dzanja lomwelo logwira mpeni, n'kulinunkhiza.

“Mafuta akadali omwe aja,” amatero.

Kenako amalisiya pang'onopang'ono, n'kulowa kuseri kwa chinsalu kukadyetsa akazi awo.