Nsungwi za a Kuramochi

A Kuramochi Shozo anagawa makalata m'tauni mwathu muno, kumunsi kwa mapiri a Tokachi, mpaka tsitsi linachita imvi. Sanakwatire. Makolo awo atamwalira anatsala ndi mlongo wawo wamng'ono, Tomie, ndipo anamulera okha mpaka kumukwatitsa kwa Sakamaki Isao, mkulu wanthabwala wogulitsa mbewu ndi feteleza. Ndi a Kuramochi omwewo amene anakokera mlamu wawoyo m'gulu lathu lokwera mapiri.

M'gulumo ntchito yawo inali nsungwi. Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, ankadula tinsungwi totalika ngati munthu, n'kumangirira kansalu kofiira kumutu kwa kalikonse. Pokwera ankazika tinsungwito m'chipale chofewa motalikirana pang'ono, kuti chifunga chikatseka tidziwe kobwerera. Potsika ankayenda kumbuyo kwa tonse akuzula. Ndiwo mwambo wathu: phiri sulisiyira kanthu, ngakhale kachingwe. Ine ndinkawaseka kuti akanatha akanafufuta ndi mapazi athu omwe. Ukhondo wawo unali wotopetsa, ndisabise, koma tonse tinkayenda mtima uli m'malo chifukwa cha iwo.

Mu Febuluwale wa chaka chimenecho tinakwera anthu asanu ndi mmodzi, kumapazi masikii, matabwa aatali otsetserekera pachipale, katundu kumsana, ulendo wa masiku anayi. Tsiku lachiwiri mphepo inang'amba tenti. Tinakumba mphanga m'chipale n'kukhala momwemo, mawondo akugundana, tikusungunula chipale pa kachitofu kuti tipeze madzi akumwa. Isao sanasiye nthabwala zake.

"Alamu, nsungwi zanuzi mumazisisita kuposa mkazi. N'chifukwa chake mwakalamba muli batchala!"

"Nsungwi sizilongolola ngati iwe," anayankha a Kuramochi, akumupatsira tiyi wawo yemwe.

M'mawa wa tsiku lachinayi kunja kunali mbuu, kumwamba ndi pansi chimodzimodzi. Mtsogoleri wathu, a Nagumo, anati titsike mphepo isanakule. Isao anali atatsegula m'mimba, koma akazi tinalipo awiri, ndipo mwamuna wa kwathu kuno angalole kufa kusiyana n'kunena pamaso pa akazi kuti akukadzithandiza. Anangowakodola a Nagumo n'kunena kuti, "Tsogolani, ndikupezani," kenako anazungulira kuseri kwa chitunda.

A Nagumo sanadandaule, poti kumbuyo kunali a Kuramochi. Koma a Kuramochi nthawi imeneyo anali m'mphanga, akutola timapepala ta masiwiti. Atatuluka anaona zithunzithunzi za anthu zikutsika m'chifunga. Anavala masikii, n'kuzula nsungwi yoyamba.

Tinatsika maola awiri. Titafika pamitengo yoyamba, pomwe mphepo imachepa, a Nagumo anatembenuka.

"Nanga Isao?"

"Si ali kutsogolo ndi inu?" anatero a Kuramochi.

"Kutsogolo kuti? Anati atipeza. Ine ndimayesa mubwera naye inu!"

Maso athu anapita pa mtolo wa nsungwi umene unali kumsana kwa a Kuramochi, tinsalu tofiira tikuwomba ndi mphepo. Njira yonse yoti Isao abwerere kwa mkazi wake inali mumtolo umenewo.

Ine ndine wapakamwa, ndipo tsiku limenelo pakamwa panga panandiposa. Ndinakuwa kuti, "Mumawerenga nsungwi osawerenga anthu!" Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandichititsa manyazi.

A Kuramochi sanandiyang'ane. Anatembenuza masikii n'kuyamba kukwera, akuzikanso nsungwi imodziimodzi. A Nagumo anawagwira mkono.

"Bambo, mukafera komweko."

"Ndisiyeni. Ndikamuuza chiyani Tomie?"

Anakwera awiri, ife atatu n'kutsika kukaitana anthu opulumutsa. Madzulo a Nagumo anabwera akuwakoka a Kuramochi ngati thumba. Anali atafika mpaka pamphanga paja, anaitana mpaka mawu anatha, koma mapazi onse mphepo inali itakwirira. A Kuramochi anali atavula magolovesi kuti azizika nsungwi msanga, ndipo zala zawo zinali zoyera, zolimba ngati kandulo. Kuchipatala anadula zitatu za kudzanja lamanja.

Isao anapezeka mu Meyi, chipale chikusungunuka, m'chigwembe cha mbali ina ya chitunda, masikii ali kumapazi. Kuchokera pamphanga sipanali patali. Munthu wabwinobwino akanayenda mphindi khumi.

Tsiku lina tili kuchipatala, a Kuramochi anati akufuna kumuuza mlongo wawo zonse. Tinalipo ine ndi a Nagumo basi. Ndinayankha ndine.

"Mukufuna ataye mwamuna ndi mchimwene chaka chimodzi? Chamusocheretsa Isao ndi chifunga. Za nsungwi zithere m'chipinda muno."

A Kuramochi anandiyang'ana, kenako anatembenukira kukhoma. Sindikudziwa ngati ndinawachitira chifundo kapena nkhanza. Kuyambira pamenepo sanakwerenso phiri, ndipo gulu lathu linangofa lokha, popanda wolengeza.

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Tsiku loyamba la chaka chilichonse Tomie amapita kwa achimwene ake ndi mochi, timakeke ta mpunga wosinja timene timadya pa chaka chatsopano. Chaka chathachi ndinapezekapo. Anagwada pamphasa, n'kuwerama mpaka chipumi kugunda pansi.

"Achimwene, ena onse anathawira kumunsi. Inu munabwerera kukamufuna, mpaka kusiya zala zanu kuphiri. Ndilibe mawu."

"Dzuka, Tomie. Usamatero."

"Nditero mpaka imfa. Idyani, achimwene, zikadali zotentha."

Anawadulira tizidutswa ting'onoting'ono, poti dzanja lawo siligwiranso timitengo todyera, n'kuwaikira kamodzi m'kamwa. Iwo anatafuna, natafuna, maso ali pa ine. Sindinawaone akumeza.