Zala zimene makina anakana

Chaka chimene phiri linagumuka kumtunda kwathu, nyumba yanga inagwa ine ndikuyang'ana. Kunali m'mawa, mvula itagwa masiku angapo osapuma. Pansi panayamba kunjenjemera ngati thirakitala ya pa esiteti ikudutsa pakhonde. Ena anati chivomezi, ena anati napolo. Ine sindinafunse kuti n'chiyani. Ndinangokoka adzukulu anga awiri n'kuthawira mumsewu, ndipo pocheuka, khoma la kuchipinda linali litagona pamphasa pathu.

Anatisunga pasukulu ya pulayimale, mabanja ambiri m'kalasi imodzi. Tinakhala pamenepo mpaka aphunzitsi aakulu anabwera, chipewa chili m'manja, kudzatiuza kuti sabata ziwiri zikatha ana ayambiranso kuphunzira. Sanatithamangitse ayi, koma tinamva. Makoma ndikanaumba ndekha, dothi silisowa. Koma denga? Malata anga matope anawapinda ngati chitenje.

Ndiye kunamveka kuti a bungwe lina akubwera ndi thandizo la ndalama, aliyense akagule chimene chamusowa. Anafika Lachitatu, nayala tebulo pansi pa bulugamu. Lamulo lawo linali limodzi: uonetse chitupa, kenako udinde chala pa kagalasi ka makina awo, kuti munthu asalandire kawiri. Makina akayaka zobiriwira, walandira.

Itafika nthawi yanga, mtsikana amene ankalemba maina anati, "Agogo, ikani chala chachikulu apa."

Ndinaika. Kunayaka zofiira.

"Pukutani kaye pachitenje."

Ndinapukuta. Zofiira. Tinayesa chamkombaphala, chapakati, mpaka kachala kakang'ono, manja onse awiri. Anandiuza ndiuzire mpweya, ndinauzira. Anandipaka mafuta ake onunkhira a m'chikwama. Makina aja anangoti kakasi, ngati palibe munthu waima patsogolo pake.

Bambo wina wa kabaza kumbuyo kwanga anakuwa, "Agogo, vulani patapata muyese chakuphazi!"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ine ndinati, "Achimwene, chakuphazicho ndachisungira kumbuyo kwanu." Anasekanso, koma mumtima mwanga munalibe chiseko.

Mtsikana uja anayankhula motsitsa. "Pepani agogo, makina sakukuonani. Khalani pambali apo. Mwina mwezi wamawa tikadzabweranso."

Mwezi wamawa! Kalasi ija tinayenera kuisiya mwezi usanathe.

Ndinakakhala pamuzu wa mtengo, manyazi atandigwira ngati ndaba. Posakhalitsa panabwera mayi wina, nayenso wakanidwa. Kenako wina. Dzuwa lisanafike pamutu tinalipo asanu ndi awiri, tonse amayi, tonse a imvi. Mmodzi ankalira mwakachetechete, akuti mwina tili ndi tsoka. Ndinawayang'ana nkhope mmodzimmodzi, ndipo ndinazindikira kuti onsewa ndimawadziwa. Tinkakumana pasikelo. Tonse tinakalambira m'munda wa tiyi, dengu kumsana.

Ndinati, "Asisi, tatambasulani manja."

Anatambasula. Nsonga za zala zathu zonse zinali see, zosalala ngati mwala wa mumtsinje, zakuda ndi utomoni wa masamba, zong'aluka m'mbali. Timizere tija timene Mulungu amalemba pachala cha munthu, ife tinalibe. Ine ndinayamba kuthyola tiyi ndisanakwatiwe. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira mame mpaka dzuwa kupendeka, chaka ndi chaka. Chala chingatsale ndi chiyani?

Ine sukulu sindinapiteko, ndipo pamaso pa anthu a mapepala ndimachita mantha. Koma tsiku limenelo ndinanyamuka. Ndinati, "Tiyeni nonse." Tinapita kwa mkulu wawo, bambo wa magalasi amene anakhala chapatali ndi foni. Ndinagwada pang'ono, n'kuika manja anga patebulo lake. Anzanga nawonso anaika.

"Bwana, tayang'anani."

"Mayi, lamulo silanga. Popanda chala palibe..."

"Sindikukana lamulo. Ndati tayang'anani. Gwirani."

Anazengereza, koma anagwira chala changa n'kuchitembenuzira kudzuwa. Anavula magalasi, anavalanso.

"Munapsa ndi moto?"

"Mumamwa tiyi, bwana?"

"Eya, m'mawa uliwonse."

"Ndiye zala zathu munamwa ndinu. Makina anuwa sakunama, akufuna chinthu chimene tinachisiya m'munda. Koma nyumba zathu zagwa chimodzimodzi ndi za ena."

Bamboyo anaimirira, napita kuseri kwa galimoto, nayankhula pafoni nthawi yaitali. Ife tinaima pomwepo, manja osachotsa patebulo. Pobwera anati akuluakulu alola: atijambula chithunzi aliyense atanyamula chitupa chake, koma papezeke mboni yodziwika yoti itsimikize kuti ndife amene, ndipo isayine.

Amene anatuluka pamzere, sindikanamuganizira. Anali kapitawo wathu wakale, amene anatikalipira zaka zonse zija chifukwa cha masamba okhwima m'dengu. Tsopano anali wokalamba, akuyenda ndi ndodo, nyumba yake nayonso itagwa. Anasiya malo ake pamzere n'kubwera.

"Awa ndi anga onse," anatero. Ndipo anayamba kutitchula mmodzimmodzi, dzina, mudzi, ndi munda umene aliyense ankathyola. Atafika pa ine anati, "Awa lembani kuti pakamwa mpoopsa, koma dengu lawo silinabwererepo pasikelo."

Ndinati, "Akapitawo, mawu amenewa munali kuwasungira chiyani zaka zonsezi?"

"Mukanayamba matama."

Anasayina kasanu ndi kawiri. Mtsikana wolemba uja anatijambula, ndipo pojambula ine ndinaimika chitupa ndi zala zomwezo, osazibisa. Mkulu uja analemba kenakake m'buku mwake, nati kumene akupita mawa, ku Khonjeni, akayamba ndi kufunsa ngati pamzere pali othyola tiyi.

Tonse asanu ndi awiri tinalandira tsiku lomwelo. Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Boma, ndinagula malata ndi misomali, ndipo amuna a ku tchalitchi kwathu anandikhomera denga pamitengo ya bulugamu, makoma tikumata pambuyo. Lolemba limene belu linalira, tinali titagona kale masiku awiri kwathu. Adzukulu anga analowa m'kalasi ija atanyamula makope, ndipo wamkuluyo akuti anakhala pakona pomwe tinkayala mphasa.