Mpira Umene Leitu Sanawakhe

Si zoona kuti Leitu anagulitsa masewera kwa abale ake. Ndikudziwa kuti mwamva choncho m'basi, mwamva kumsika ku Apia, ena mwamvera pakhomo pa tchalitchi penipeni, Baibulo lili m'khwapa. Akuti mpira unkabwera wokha m'manja mwake ngati bango lakupsa, iye n'kuuthawa dala poti amene anaumenya anali mkulu wake wa bere limodzi. Ena athiramo mchere, akuti analonjezedwa nkhumba. Nkhumba yake iti? Nyumba za kuno zilibe zipupa. Munthu ukalandira nkhumba, mudzi wonse umadziwa mpaka kupindika kwa mchira wake.

Ine Pua mumandidziwa, pakamwa panga sipagona nkhani. Koma iyi ndaisunga mpaka yanditupitsa m'mimba. Lekani ndiyambe ndi mwiniwakeyo.

Leitu ndi mtengwa. Kwawo n'kutsidya kwa nyanja, pa chilumba cha Savai'i, ndipo anabwera kuno ku Upolu atakwatiwa ndi Lemi, mwana wa mayi Fuatino. Lemi, monga anyamata ambiri masiku ano, amatha miyezi ali ku New Zealand kothyola maapozi, amangoonekera pafoni atavala chipewa chaubweya ngati wodwala. Malo a mtengwa kuno ndi kuseri, ku utsi. Ndiye woyamba kudzuka kukatola masamba pabwalo, kupala kokonati, kusenda talo, mbatata yathu ya kuno. Akapakulira akuluakulu amakhala chapambali n'kumawakupizira ntchentche, iye adya akamaliza iwo. Pamsonkhano wa komiti ya amayi amakhala kumbuyo, ndipo mawu ake amalemera ngati nthenga ya nkhuku. Ine ndinabadwira konkuno, ndinakula ndikupakuliridwa ndi atengwa, ndipo sindinadzifunsepo kuti kumbuyo kumeneko kumamveka bwanji.

Panali malo amodzi okha amene Leitu sankakhala kumbuyo: pabwalo la kilikiti, masewera athu omenya mpira ndi chibonga. Chaka chake choyamba anamupatsa chibonga chija cha mbali zitatu mongomuyesa, kuti tiseke pang'ono. Mpira woyamba anaumenya unadumpha denga la tchalitchi n'kukagwera m'nyanja. Ana anachita kuusambirira. Kuyambira tsiku limenelo, kunyumba anali "mkazi wa Lemi", kumsonkhano anali "iwe wa ku Savai'i", koma pabwalo mudzi wonse unkakuwa dzina lake lenileni, ngakhale nkhalamba zimene sizimupatsa moni. Mukafuna kumvetsa zimene anataya, gwirani pamenepo.

Kenako kunabadwa mwana wake, Ioelu. Tinkati tsopano chibonga chipuma. Kupuma kuti? Mwana asanasiye n'kuyamwa komwe, Leitu ankamukhazika m'beseni pansi pa mtengo, iye n'kumaponya, akatembenuka n'kumuimbira, akatembenukanso n'kuponya. Pochapa, wailesi ili pa mwala ikulengeza mpira wa ragibe, iye akukalipira osewera amene sadzawaonapo: "Patsira mnzako, wadyera iwe!" Mwana naye, thovu kumutu, akukuwa nawo. Pano Ioelu wakwanitsa zaka ziwiri, ndipo chilichonse chozungulira kwa iye ndi mpira. Mandimu a m'nyumba imeneyo safika m'mbale. Lamulungu lina anatulutsa ndimu m'malaya, pemphero lili mkati, n'kulunjika nayo dazi la dikoni Iosua. Phwa! Tchalitchi chonse chinagwidwa chifuwa nthawi imodzi.

"Mwana wakoyu adzatitengera mlandu," anatero Fuatino pobwerera.

"Koma mwauona mkonowo, amayi? Sanapinde chigongono."

"Khala chete, wopanda manyazi iwe." Koma nayenso ankaluma milomo.

Fuatino muyenera kumudziwa bwino. Pa kilikiti, tikamutulutsa womenya wa gulu linalo, tonse timadumpha, kuomba m'manja ndi kuvina motsatira wezulo. Wezulo imeneyo yakhala pakhosi pa Fuatino kuyambira ine ndili ndi mano onse. Anasiya kuthamanga kalekale, koma ikangolira wezulo, chiuno chake chimaiwala zaka. Amagwedeza, amagudubuzika, amatsanzira kuyenda kwa wotulutsidwayo mpaka mwiniwake kuseka nawo. Pamaliro pokha ndi pamene tinkamuona atakhala phee.

Tsono chaka chino amayi a mudzi wa kwawo kwa Leitu anawoloka pa sitima kudzasewera nafe. Anabwera ndi nyimbo, mikeka ya mphatso, ndi Sinalei, mkulu wake wa Leitu, mzimayi wa mapewa ngati chitseko. M'mawa mwake anzake anayamba kumugwa Leitu.

"Iwe, tiuziretu. Lero uli mbali iti?"

"Mbali imene ndimadya zotsala," anayankha akumanga nsalu m'chiuno. Tinaseka tonse. Pambuyo pake mawu omwewo anawasandutsa umboni.

Fuatino anayala mkeka m'mphepete mwa bwalo. "Bweretsa mdzukulu wanga kuno. Iwe pita ukagwire mpira, ndipo ukauphonya usabwere kudzadya." Pamkeka pomwepo ndi ponse pozungulira panali azakhali, agogo, atsikana, anthu oti mwana sangasowe womunyamula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Chimene sitinena n'chakuti mwana woyang'aniridwa ndi mudzi wonse nthawi zina amakhala alibe womuyang'anira.

Ife tinamenya koyamba, Leitu n'kuchita zake zija. Itafika nthawi yoti alendo amenye, anamuika kutali, kumpanda wa maluwa wa m'mbali mwa msewu, poti ndi yekhayo amene angaponye kuchokera kumeneko mpira n'kufika. Ine ndinali tsidya lina la msewuwo, kuseri kwa nthochi. Ndinkatani? Ndinkasuta. Mayi busa analetsa fodya kwa amayi a komiti, ndiye munthu umafuna kamthunzi kako.

Dzuwa litapendeka, alendo anali atatsala pang'ono kutipitirira, koma nawonso anthu anali atawathera. Tinatulutsa wina, wezulo inalira, Fuatino anadzambatuka pamkeka n'kulowa m'bwalo akugwedeza. Anatsala Sinalei, womaliza. Mpira wake tikauwakha usanagwe pansi watuluka ndipo tapambana, akathamanga kawiri katatu tagonja. Palibe amene anakhalanso pansi. Fuatino anaima chiimire, wezulo kukamwa, kudikira kuti aiimbe komaliza.

Sinalei anamenya. Mpira unakwera, kukwera, mpaka kuoneka ngati kambalame, n'kuyamba kutsikira kumpanda kuja, pamutu pa Leitu penipeni. Mudzi wonse maso kumwamba.

Ine maso anga anali pansi, poti ndinkazimitsa ndudu. Ndipo ndinaona kamunthu katavala thewera lokha kakutuluka pa mpata wa mpanda, kakutsatira ndimu imene inkagudubuzika kulowa pa phula. Pakona paja basi ya madzulo inali itatulukira kale, nyimbo zili pamwamba monga mwa masiku onse, dalaivala nayenso khosi lili kubwalo kuonera mpira. Leitu sindikudziwa anaona bwanji. Mwina mayi amaona ndi kumsana. Manja anali atawatambasula kale kumwamba. Anawatsitsa, anabowola mpanda ndi thupi lake, anamuwakha mwana ngati mmene amawakhira mpira wapansi, n'kugubuduka naye m'ngalande, kumapazi kwanga. Basi inadutsa. Dalaivala sanadziwe n'komwe.

Kuseri kwa mpanda mpira unagwa pa udzu, thi! Ndipo alendo anayamba kuimba.

Ioelu sanalire. Ankangolozera ndimu yake, itaphwanyika pamsewu. Leitu anakhala m'ngalandemo, bondo likuchucha magazi, mphuno yake ili m'tsitsi la mwana. Atakweza maso anandiona.

"Azakhali a Pua, simunaone kanthu."

"Ine? Ndaona zonse, mwana wanga. Ndi maso awiri."

Anayang'ana chotsalira cha ndudu chili m'zala zanga. "Nanenso ndaona."

Mwaona mtengwa wake? Anandimanga pakamwa ndi fodya wanga yemwe.

Anadutsa kuseri kwa nyumba, ine ndikutsimphina pambuyo, n'kukamukhazika mwana pamkeka paja anthu onse akuyang'anabe kumpanda. Munthu mmodzi yekha anatembenuka: Fuatino. Anayang'ana mkeka, anayang'ana mapazi a mdzukulu wake akuda ndi phula, anayang'ana bondo la mpongozi wake. Wezulo inagwa yokha kuchoka kukamwa n'kulendewera pachifuwa.

Madzulo amenewo tinavinira opambana monga mwa mwambo, nkhope zili gwa. Mawa lake komiti inakhala pansi.

"Unali kuti pamene mpira umagwa?" anafunsa mayi busa.

"Dzuwa linandithobwa m'maso, mayi."

"Dzuwa linali kumsana kwako!"

"Ndiye kaya."

"Kaya? Mudzi wonse wavinira alendo chifukwa cha kaya?"

Wina kumbuyo anati magazi ndi magazi, mtengwa ndi mlendo basi. Wina anakumbutsa za zotsala zija. Anagamula kuti Leitu asagwirenso chibonga, azitungira osewera madzi ndi kuwaphikira chakumwa cha koko. Fuatino anali pomwepo, akuluka mkeka, mutu uli pansi. Ine ndinadikira kuti atsokomoleko. Sanatero.

Masabata otsatirawo Leitu ankabwera kubwalo ndi ketulo kudzanja limodzi, mwana kudzanja linalo. Dzina lake linazimiririka, anabwerera kukhala "iwe wa ku Savai'i". Ankathira koko m'makapu, maso ali pa mpira, ndipo wina akaphonya ndinkaona zala zake zikufumbata zokha. Madzulo, lipenga la mapemphero lisanalire, ndinkamuona kuseri kwa khitchini akugenda thunthu la kokonati ndi mandimu, Ioelu akuthamanga kukatola n'kumubweretsera. Ndi masewera okhawo amene anamutsalira.

Tsiku lina ndinamupeza kudziwe akuchapa, ndipo ndinalephera kupirira.

"Iwe, bwanji osangonena? Mawu awiri okha, ubwerera pabwalo."

"Ndinene kuti chiyani? Kuti mayi a mwamuna wanga anataya mdzukulu chifukwa cha gule? Pamaso pa komiti?"

"Nanga si zoona?"

Anafinya kabudula wa mwana kwa nthawi yaitali. "Nkhani imeneyo ikafika kwa Lemi usiku womwewo. Ikafika ndi kumanda kwawo komwe, anthu akuinenabe. Ioelu kuno ali ndi agogo amodzi okha, azakhali a Pua. Ndikawavula pagulu, mwana wanga akulira pamiyendo pa yani?" Kenako anaseka pang'ono. "Komanso wezulo ija ikalira, nanenso miyendo imandiyabwa. Ndikuwamvetsa."

Ndinamusiya akuchapa n'kubwerera kunyumba.

Ndiye linafika tsiku losankha gulu loti likasewere ndi mudzi woyandikana nawo. Tili pabwalo, tinaona Fuatino akubwera, mdzukulu kumsana, m'manja muli chibonga chakale chimene ankamenyera ali mtsikana, chija chimakhala kudenga osalola munthu kuchikhudza. Anadutsa tonse, anakafika pamene Leitu ankakoleza moto wa koko, n'kuchiika pamapazi pake.

"Siya ketuloyo. Mwana wanga amenya koyamba."

"Koma mayi Fuatino, komiti inagamula," anatero mayi busa.

"Komiti ili ndi mkono? Ndani wa inu angaponye kuchokera kumsewu? Iwe? Iwe ungaponye ndi mwala womwe kwa galu, galuyo n'kukuseka."

Kenako anavula wezulo pakhosi n'kuikoleka pakhosi pa mdzukulu wa mlongo wake, mtsikana woti kuvina kwake kuli ngati akupha nyerere.

"Nanga inu?" tinafunsa.

"Bondo likundipweteka."

Bondo! Munthu woti m'mawa womwewo anachokera kumunda atasenza mtanga wa talo. Koma kuno nkhalamba ikanena kuti bondo, ndi bondo basi. Palibe anatsutsanso. Leitu anatola chibongacho ndi manja awiri, anawerama podutsa pamaso pa apongozi ake, n'kulowa m'bwalo.

Kuyambira pamenepo, pitani mukaone nokha. Fuatino amakhala pamkeka, Ioelu pamiyendo, nsalu imodzi itawazinga onse awiri m'chiuno. Wezulo ikalira mapewa ake amagwedezeka, zala za kumapazi zimavina pansi pa nsalu, koma manja sachoka pa mwana. Kupepesa kwake n'komweko, ndipo sindikhulupirira kuti kudzabweranso kwina. Leitu akamenya, mwana amakuwa, gogo amakuwa, ndipo mudzi wayambanso kukumbukira dzina lake, pang'onopang'ono, monga anthu amachitira akakhala kuti sakufuna kuvomera kuti anafulumira.

Koma mphekesera ndi udzu wa m'mphepete mwa msewu. Dzana lomweli ndamva wina m'basi akuti nkhumba ija anagawana ndi apongozi ake, n'chifukwa chake anamubwezera pagulu. Ndiye poti sabata yatha mayi busa anandipezerera kuseri kwa nthochi utsi uli tolotolo, chingwe chimene Leitu anandimanga nacho chaduka, ndipo ndinene kamodzi kuti mumve nonse.

Leitu anausiya mpira uja kuti ugwe chifukwa manja ake anali ndi mwana wake.