Nkhuku Yanga ndi Minibasi ya ku Japani

Ndikukumbukira chaka chimene ababa anagula minibasi. Ine Asiyatu ndinali Sitandade 5, tikukhala pa Phalula, kuseri kwa mashedi a tomato, pomwe fumbi la msewu waukulu linkafika mpaka m'mbale. Ababa, a Jafali, anali atatopa kuyendetsa galimoto za eni. Anagulitsa ng'ombe, nagulitsanso munda wa thonje, n'kuitanitsa yawoyawo kuchokera ku Japani. Inafika m'nyengo yotentha, yoyera mbee, mipando yake yosang'ambika ngakhale pamodzi. Ukaliza injini, m'katimo munkatuluka mawu a mzimayi akulankhula chinenero chakwawo. Ine ndinkamuyankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu," ababa n'kumaseka mpaka kutsokomola.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Chaka chomwecho wailesi inali italengeza za ngozi ya ku Japani komweko. Chivomezi ndi madzi a m'nyanja zinawononga malo opangira magetsi a nyukiliya, ndiye kunatuluka poizoni wosaoneka, wosanunkha, wotchedwa radiyeshoni. Pa Phalula dzinali linatikanika, tinkangoti "mpweya uja." Amene anaukokera mpweyawo pa galimoto yathu anali a Sumani, owotcha nyama ya mbuzi pasiteji, munthu woti nkhani ikalowa m'kamwa mwake imatuluka itanenepa. Ankauza aliyense wogula kanyenya kuti galimoto za ku Japani za chaka chimenecho n'zotayidwa, wokhalamo amasosoka tsitsi, ndipo mzimayi sadzaonanso mwana.

Minibasi yathu inayamba kuswera pasiteji ili gwaa, yopanda wokwera. Kondakitala ankakuwa "Balaka! Balaka!" mpaka mawu kusasa, koma anthu ankaidutsa patali n'kukathinana m'chiphakasa china chomanga chitseko ndi chingwe. Ababa anasiya kuseka. Akabwera kunyumba ankangokhala pakhonde, makiyi ali m'manja. Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti ng'ombe zinapita, munda unapita, chotsala ndi galimotoyo basi.

Kwathu kuno chinthu chokayikitsa timayamba talawitsa nkhuku. Madzi a chitsime chosiyidwa, chimanga chothira mankhwala osadziwika, zonsezi nkhuku ndiyo imayamba. Choncho akuluakulu a pasiteji anagwirizana kuti m'minibasi muikidwe nkhuku, ikatuluka yamoyo nkhani yatha. Ababa anavomera msanga poti ankaikhulupirira galimoto yawo. Tsoka linagwera Mawanga, thadzi langa limene azakhali anandipatsa, chifukwa ndilo linali lozolowera kugwidwa. Ndinalinyamula ndekha, monyadira, ndikuliuza kuti likatiwombole.

Atangoliika pampando, a Sumani anati, "Mawindo onse atsekedwe. Mpweyawo ukathawa tidziwa bwanji?"

Aliyense anaona kuti n'zanzeru. Anatseka mawindo, natseka chitseko, galimoto ili pamtetete. Inu amene mumalidziwa dzuwa la ku Balaka mwezi wa Okutobala, lija limafewetsa phula mpaka patapata kumamatira, mwadziwa kale zimene zinachitika. Ife sitinadziwe. Tinakhala pansi pa mtengo, ena akudya mango, kudikira. Anthu atabwerako kumzikiti ku swala ya masana, ababa anatsegula chitseko. Munatuluka chifungafunga ngati cha mu uvuni wa mabanzi. Mawanga anali gone pansi pa mpando, kukamwa kuli yasa, mapiko atatambasuka.

Gulu lonse linabwerera m'mbuyo. Wina anati, "Laa ilaaha!" Mayi wina anaphimba mwana wake kumaso ndi chitenje. Ine ndinalowa, ndinamunyamula Mawanga, thupi lake likuwotcha m'manja. Ndinali nditaona nkhuku zikuchita wefuwefu ndi kutentha, mapiko ali choncho, ndiye mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Nkhuku yanga mwaiphika!" ndinakuwa. "Inunso a Sumani lowanimo titseke, tione ngati mutuluke!"

Amayi ananditsina pantchafu moti chipsera ndinakhala nacho sabata yonse. Mwana wamkazi sayankhula choncho kwa akulu. Koma mawu anga sanapite patali. Nkhani inafika ku Balaka, inafika ku Liwonde, kuti galimoto ya a Jafali yapha nkhuku tsiku limodzi. Kunabwera munthu wina wophwasula galimoto kudzaifunsa, ndipo ndinamva ababa akuuza amayi kuti mwina angoipereka.

Asanatero anayesa njira ina. Kumapiri a kufupi kwathu kunali anthu ofufuza miyala, ndipo ababa anamva kuti ali ndi kachipangizo koyezera mpweya womwewo. Anapalasa njinga kukawapempha. Loweruka kunabwera mayi wina wa kumpoto, a Nyirenda, atavala nsapato zikuluzikulu za kumgodi, atanyamula kabokosi kachikasu. Atangokayatsa kanayamba kulira, ke, ke, ke, mwa apo ndi apo. Anthu anabalalika, wina mpaka kugwetsa dengu la tomato.

A Nyirenda anaseka n'kutiitana. Anati kabokosiko kamalira paliponse, chifukwa dothi, miyala, ngakhale matupi athu ali ndi mphamvu imeneyo pang'ono chilengedwere. Choopsa n'chakuti kalire mothamanga kuposa mmene kamalirira pamalo wamba. Anayamba ayeza pabwalo, kenako analowa m'galimoto. Anayeza mipando, matayala, kunsi, mpaka anatsegula posefera mpweya wa injini pomwe fumbi limabisala. Kaliridwe sikanasinthe. Anayeza tomato, chimodzimodzi. Pomaliza anakagunditsa pamimba pa a Sumani, kanati ke, ke, anthu n'kufa nalo phwete.

"Galimoto iyi ilibe kanthu," anatero. "Ngoziyo inachitikadi, ndipo kuyeza n'koyenera. Koma iyi ndi yabwinobwino."

Ndinkayesa zatha. Mayiwo atangochoka, funso linabwerera lomwe lija: nanga nkhuku inafa bwanji? Kabokosi anthu anakaona kamodzi, koma mtembo wa Mawanga anauona ndi maso awo, ndipo Lolemba galimoto inaswera yopanda munthu.

Madzulo ake ndinawauza ababa kuti ndizikwera ine. Ndinati ndikaweruka kusukulu ndizikhala kutsogolo, pawindo, Phalula yense azindiona. Amayi anati iyayi. Koma ababa anati, "Asiyatu, mayi aja ayeza. Ukwera."

Eee, ndinadya bwino masiku amenewo! Tinkapita ku Balaka ndi kubwerera, ine ndi ababa ndi kondakitala, mphepo ikundiwomba kumaso, ndikubayibitsa anzanga ngati mkazi wa bwana. Ku Balaka ababa ankandigulira chipisi. M'malo moonda ndinayamba kunenepa, yunifolomu n'kuthina. Ndikatsika pasiteji amayi a tomato ankandiitana ngati akufuna kundituma, kenako wina n'kundivula mpango, n'kukoka tsitsi langa. Linkawawa, koma ndinkapirira, ndinkachita kuwaweramira kuti akoke bwino. Tsitsi langa ndi la gonankhuku, lolimba, silinachoke ngakhale limodzi.

Anayamba kukwera ndi alendo osadziwa nkhani, kenako aphunzitsi, kenako amayi a tomato aja. Mvula yoyamba itagwa, a Sumani anapezeka pasiteji ndi mbuzi ziwiri, galimoto zina zonse zitadzaza. Anakwera. Anakhala pafupi ndi windo, n'kulitsegula lonse, mvula ikuwamenya, dzanja limodzi litagwira kofia kuti tsitsi lisayerekeze kusosoka. Ababa anangowayang'ana pagalasi, mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Lero zinthu zinasintha. Galimoto za ku Japani zadzaza msewu, palibe amaziopa. Ine ndimagwira ntchito yojambula anthu m'thupi pachipatala, ndipo pachifuwa ndimavala kabaji koyeza radiyeshoni imene ndalandira. Magetsi akazima odwala ali pamzere, ife ogwira ntchito timayamba kukangana ngati dziko lino lingadzakhale ndi magetsi a nyukiliya. Anzanga ena amati ife sitingathe, tidzangodziphera ana. Ine ndimati tingathe, bola tiyambe ndi kuphunzitsa anthu oyeza, ndipo zoyezazo zizichitika poyera, mobwerezabwereza, anthu akumudzi akuona. Kubwera kamodzi ndi kabokosi sikuchotsa mantha.

Zimenezi ndimazinena molimba mtima, ndipo ndinkayesa kuti kulimba mtimako ndinatengera ababa. Atamwalira, tikulongedza zovala zawo, amayi anandiuza zina. Anati miyezi yonse ija ndinkakwera minibasi, ndikangonyamuka kupita kusukulu, ababa ankalowa kuchipinda kwanga, n'kutenga chipeso changa ndi pilo, n'kupita nazo padzuwa kukayang'ana ngati pali tsitsi. Akapeza palibe, ankati "Alhamdulillah," ndiye pamene ankatha kumwa tiyi. Ndinakhala pansi pomwepo, malaya awo ali m'manja, ndipo ndinalira kuposa tsiku la maliro.