M'kati mwa bokosi la Esinati

Ntchito ya ukalipentala inandipeza pamaliro, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ndinali nditakwatira kale, ndipo kamunda kathu ka m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi sikankatidyetsa chaka chonse. Pamaliro a msuweni wanga chivundikiro cha bokosi chinavuta kukhala, ndiye ndinathandiza amene analipanga kuchigwira pokhoma. Anali a Malunga, mkulu wa mpingo wathu, amene anali ndi shedi ya matabwa pa Songani. Anayang'ana manja anga n'kunena kuti, "Lolemba mubwere, a Laisoni. Ntchito yandichulukira."

Sankanama. Shediyo inayamba ndi mipando, mabedi ndi zitseko, koma matenda aja amene sitinkawatchula dzina anali atalowa pafupifupi m'banja lililonse. Anthu anasiya kufunsa za mabedi, anayamba kubwera ndi bango. Kwathu kuno munthu akamwalira, adzukulu okumba manda amadula bango lolingana ndi msinkhu wake n'kulitumiza kwa kalipentala. Tikaona munthu akutsika pa njinga atamangirira bango, sitinkadikira kuti alankhule, tinkangoyamba kusankha matabwa.

Matabwa ake anali a paini ochokera kuphiri la Zomba. Tinkagoneka bango pathabwa, kuonjezera pang'ono kumutu ndi kumiyendo, kulemba ndi pensulo, kucheka ndi sowo. Kenako kupala ndi puleni, kulumikiza ndi guluu ndi misomali, kusalaza ndi sandipepala, kupaka vanishi, n'kumaliza ndi nsalu yoyera m'kati. Anzathu ena ankapala kunja kokha, poti m'kati nsalu imabisa. A Malunga ankapala m'kati mofanana ndi kunja, ngakhale anamalira atakhala pakhomo kudikira. Bokosi lisanatuluke ankaika dzanja pachivundikiro n'kupemphera, kutchula dzina la womwalirayo.

Tsiku lina mikono itandilemera ndinawaseka. "Bambo, m'katimu tikuvutikiranji? Mwini wakeyo adzabwera kudzadandaula?"

Sanaseke. "Chiyero chapamaso pa anthu ndi vanishi chabe. Palani m'katimo."

Ndinapala, koma mtima unkanka nuuma. Ndinakhomera mabokosi anzanga amene ndinkaimba nawo kwaya, mpaka benchi yathu m'tchalitchi inatsala yopanda anthu. Lamlungu ndinkapitabe, koma nyimbo ikayamba ndinkangoyang'ana misana ya anthu n'kumayeza msinkhu wawo ndi maso. Zinkandichititsa manyazi, koma maso ankachita okha.

A Malunga anali ataika kale m'manda ana awo aamuna awiri. Anatsala ndi mwana wamkazi yekha, Esinati, amene anabwera kuchokera ku Blantyre atatheratu thupi. Amayi a mpingo ankapita kukamuimbira, abusa anamudyetsa mgonero ali pamphasa, ndipo bambo akewo ankasala kudya uku akugwira sowo. Ankandiuza kuti, "Uyu yekha Ambuye andisiyira, muona." Ineyo chikhulupiriro changa chinali chitatha, ndinkangotsamira pa chawocho.

Loweruka lina m'mawa, mvula ikugwa chigwere kuyambira dzulo lake, bango linafika. Amene analibweretsa anali mdzukulu wa m'mudzi mwa a Malunga, ndipo sindinafunse kuti ndi la yani. Mwambo sulola bambo kukhoma bokosi la mwana wake, amakhala kusiwa, nyumba ya maliro. Choncho bokosi loyamba kulipanga ndekha linali la Esinati.

Matabwa anali atamwa chinyezi. Puleni inkangotsamwa, ndinkaichotsa zinyalala, kunola mpeni wake, kuyambanso. Mdzukulu uja anaima pakhomo madzi akuchucha m'malaya. "Achimwene, khomani msanga, manda akudzaza madzi. M'katimo siyani, ayang'anamo ndani?" Ndinatembenuza matabwa n'kupala m'kati, koma sindinganame kuti chinali chikhulupiriro. Ndinali ndi mkwiyo. Ndinkakankha puleni ngati ndikukangana ndi Mulungu, amene a Malunga anamutumikira moyo wawo wonse, Iye n'kuwalanda ana onse atatu.

Pemphero lapachivundikiro sindinalinene, panalibe wolinena. Tinafunditsa bokosi pulasitiki n'kulikankha pa njinga m'matope mpaka kumudzi.

Titalitsitsa pakhonde, a Malunga anatuluka m'siwa atagwiriziridwa ndi akulu ampingo anzawo. Anagwada, anatukula nsalu pakona n'kuyendetsa chikhatho pathabwa la m'kati, pang'onopang'ono, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Kenako anaika dzanja pachivundikiro monga mwa nthawi zonse. Anthu tonse tinaweramitsa mitu. Milomo yawo inagwedera, koma mawu sanatuluke. Tinadikira, kumangomveka mvula padenga.

Ananditembenukira. "A Laisoni, lero pempherani ndinu. Ine Mulungu ndikumuitana, sakundiyankha."

M'mutu mwanga munalibe vesi ngakhale limodzi. Ndinaika dzanja langa pambali pa lawo n'kunena zokhazo zimene ndinali nazo: "Ambuye, uyu ndi Esinati. Ife tatopa." Ndinayembekezera kuti wina andidzudzula. A Malunga anati, "Ameni."

Masiku a maliro atatha anabwerera kushedi. Sanaimbenso popala matabwa monga ankachitira, ndipo za Esinati sitinakambepo. Koma bango likafika ankatembenuza thabwa n'kupala m'kati, n'kuika dzanja pachivundikiro. Nthawi zina pemphero lonse linkangokhala dzina la womwalirayo, basi. Nkhope yawo sinaonetsepo kuti atonthozedwa, ndipo ine sindinaonepo yankho lililonse limene analandira.

Ndinkaganiza kuti wopirira m'chikhulupiriro ndi amene mtima wake uli pamtendere. Pa shedi ija ndinaona munthu amene mtima unasweka, Mulungu atamukhalira chete, koma manja ake osasiya kumutumikira pamalo pamene palibe woyang'anapo. Ndi chokhacho chimene ndinasunga, ndipo masiku ambiri sichinditonthoza.

Zaka zija zisanathe, njinga inaimanso pakhomo ndi bango lochokera kwa a Malunga. Ndinaliimika pakona osaligoneka pathabwa, msinkhu wawo ndinkaudziwa. Ndinayambira m'kati.