Mphepo Ikavuta, Tuluka M'nyumba

Alinane ndi mayi wa ana awiri, ndipo amakhala kutsidya kwa nyanja, ku Woodbridge, m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni. Mukafika pamalo odikirira basi yasukulu m'mawa simungamuphonye: ndi uja sacheza ndi munthu, khanda lake Luntha lili kumsana, dzanja lagwira phewa la mwana wamkulu, Tamandani, maso ali uku ndi uku ngati nkhuku ya anapiye. Sukulu analekezera fomu 3 kwawo ku Chilobwe. Chingerezi amamva, koma cha kuno chimathamanga, moti pamene iye akumvetsa mawu oyamba, woyankhulayo amakhala atatseka kale pakamwa. Mwamuna wake Mac amapakira katundu ku Landover. Amachoka ana asanadzuke, n'kubwera anawo atasamba kale.

Pali chinthu chimodzi chimene Alinane amaopa kuposa chisanu ndi apolisi. Atangofika kumene, mayi wina kutchalitchi anamukokera pambali.

"Mwanawe, kuno mwana si wako wekha. Akapita kusukulu ndi bala, aphunzitsi amafunsa. Ukayankha zokhotakhota, a boma amabwera n'kumutenga."

Mawuwo anamukhala pachifuwa. Ankawabwereza kwa Mac, ankawabwereza pafoni kwa mchemwali wake, osaganiza n'komwe kuti m'nyumbamo muli makutu ena aang'ono.

Za mphepo, iye ankati akuzidziwa. Chaka cha namondwe Freddy anali ku Chilobwe komweko. Khoma litayamba kulira, anabereka Tamandani n'kuthawira panja, mvula ikuwakwapula. Mnzake woyandikana naye, Enelesi, anati adikire kuche kaye, ndipo nyumba inamugwera ali momwemo. Kuchokera tsiku limenelo Alinane ali ndi lamulo limodzi limene sanaliwerenge m'buku: mphepo ikavuta, tuluka m'nyumba.

Tsiku la nkhaniyi ana anaweruka msanga chifukwa cha nyengo. Kunja kunali chifundizi, masamba ali duu, thambo litachita mtundu wobiriwira umene iye anali asanauonepo. Akutenthetsa mpunga wa Tamandani, foni inalira kulira kwachilendo, kobaya m'makutu. Uthenga unkati kukubwera tonedo, kamvulumvulu wamkulu uja amanyamula madenga ndi magalimoto, ndipo aliyense atsikire pansi kapena alowe m'chipinda chopanda mawindo. Anawerenga, ndipo anamva bwinobwino. Koma miyendo yake inali itakumbukira kale za Enelesi.

Tamandani Chichewa amamva chonse, kuyankha n'kumene amayankha m'Chingerezi. Tsikulo, pofuna kuti mayi ake amve msanga, anathyola Chichewa chake chochepacho.

"Mami, bafa. Ife tipita mu bafa ya pansi. Aticha anati kulibe windo, mutu pansi."

"M'bafa? Muli chigalasi chija? Sudziwa kuti galasi limaitana mphenzi? Vala nsapato."

"Mami, panja ayi! Panja ndi *dangerous*!"

"Iwe, unabadwa liti? Amene anakutulutsa ku Chilobwe ndi aticha akowo? Tiye!"

Anamanga Luntha ndi chitenje, mfundo ziwiri, n'kugwira Tamandani pamkono. Pamasitepe mwanayo anakakamira chitsulo chogwirira. Alinane anamumasula zala chimodzichimodzi, n'kumukoka mpaka pansi, mwana akulira, akubwereza mawu omwewo. Anadutsa zitseko za anthu zili chitsekere. Iye mumtima ankawamvera chisoni, kuti anthu awa sanaonepo nyumba ikugwa.

Panja anafuna bwalo, malo oyera opanda khoma. Anapeza poimika magalimoto. Atangofika pakati, mphepo inawamenya ngati chitseko. Matalala anayamba kugwa, akuluakulu, akulira pamagalimoto. Migolo ya zinyalala inkagubuduka yokha, mpando wa pakhonde la wina unadutsa m'mwamba ukuzungulira. Apa m'pamene anaona kuti mphepo ya kuno siidikira khoma kuti ligwe, imatola chilichonse n'kukugenda nacho. Anatembenuka kuti abwerere, koma thabwa lothyoka kumpanda linabwera chammbali n'kumupeza Tamandani pamwamba pa diso. Mwanayo sanakuwe. Anangokhala pansi, magazi akutsikira m'tsaya limodzi ndi mvula.

"Imwe amake Tama! Mwafunta? Ngenani kuno!"

Anali anti Justina, mayi wachikulire wa ku Lusaka amene amakhala m'nyumba yapansi ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anali atatsegula chitseko pang'ono, akuchigwira ndi thupi lonse. Alinane ananyamula Tamandani, mmodzi kumsana wina kutsogolo, n'kuthamanga chowerama. Anti Justina anawakankhira m'bafa, ana anawalowetsa m'beseni lalikulu losambiramo, n'kukokera matiresi pamwamba pa onse. Magetsi anazima. Kenako kunamveka chiphokoso ngati sitima ikudutsa padenga, makutu n'kutsekeka. Alinane anakumbatira ana ake mumdimamo, nkhope ili pamsana pa Tamandani, akumva kamtima ka mwanayo kakugunda. Galasi linali pomwepo pakhoma, ndipo silinaitane kanthu.

Phokoso litapita, anti Justina anayatsa tochi ya pafoni n'kutsuka balalo. Silinali lakuya. Analimata bwinobwino, akung'ung'udza.

"Manje mwenze kuyenda kuti na bana? Ku Blantyre na mendo?"

"Kwathu nyumba zimagwa, anti. Ndinaona ndi maso angawa."

"Niziba, mwana wanga. Koma kuno ni kwina. Uyu mwana sanakuuzeni?"

Kuwala kwa tochi kunali kutagwera pamkono wa Tamandani, pamene panali zala za Alinane mwini, zinayi mbali iyi, chachikulu mbali inayo, zitadinda bwinobwino. Anti Justina anaziona. Anasuntha tochi n'kuyamba kufunsa ngati khandalo layamwa.

Anatuluka n'kupeza mtengo wa pakona utazuka ndi mizu, utagonera magalimoto awiri, pafupi ndi pamene iwo anaima paja. Anthu ankatuluka m'nyumba zawo zosagwa, ali ouma, akujambula ndi mafoni. Mzungu wina wa nyumba yoyang'anana nayo anamuyang'ana Alinane, n'kuyang'ana bandeji ya mwana, ndipo Alinane anadziwa kuti bamboyo anaona zonse pawindo. Alinane anakwera masitepe atazyolika.

Mac anaimba ali pamsewu waukulu wa 95, magalimoto atangoti tititi osayenda. "Muli bwino? Munabisala eti?"

"Tili bwino. Tinali kwa anti Justina," anatero, n'kusiyira pomwepo.

Chakumadzulo foni inaliranso kulira kuja. Kunali kukubwera mphepo ina. Tamandani anaimirira, n'kuyang'ana mayi ake. Mwana amene masana anakuwa mpaka mawu kusasa, tsopano ankangodikira kuti akokedwere kulikonse. Zimenezi zinamupweteka Alinane kuposa matalala aja.

"Tsogola, Tama," anatero motsitsa.

Anatsikira kwa anti Justina, mwana patsogolo. Ulendo uno mphepo inadutsa kutali, ndipo anangokhala m'bafamo akudya mabisiketi.

Mac anafika ana atagona. Alinane anamuuza zonse, ataima pasinki, atamufulatira. Mac anati mawa mwanayo asapite kusukulu, adikire mkono uchire. Koma kujomba nakonso amafunsa, ndipo onse awiri ankadziwa.

M'mawa, Alinane akumupesa tsitsi, Tamandani anayankhula akuyang'ana pansi, Chichewa ndi Chingerezi zitasakanikirana.

"Mami, osadandaula. Ine ndinena ndinagwa pa masitepe. Ndinena inu munandigwira kuti ndisagwe. Iwo sanditenga."

Chipeso chinaima. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anali atagona usiku wonse akupeka bodza, lokhala ndi mutu ndi mchira, lofotokoza bala ndi mkono womwe, kuti apulumutse mayi amene sanamumvere. Ndipo bodzalo likanagwira ntchito. Alinane analiyeza mumtima, n'kuona kuti ndi labwino, ndipo anachita manyazi kuti waliyeza n'komwe.

"Sunagwe," anatero. "Ndinakukoka ndine. Tenga chikwama, ndikuperekeza."

Sanadikire basi. Anayenda wapansi, akulambalala nthambi zogwa, iye akuyeseza mawu a Chingerezi chapansipansi. Kusukulu anapempha kuonana ndi aphunzitsi a Tamandani, mayi wamtali wa tsitsi la imvi. Anayamba ndi Chilobwe, chifukwa sankadziwa poyambira pena. Ananena za khoma, za Enelesi, za galasi. Mawu ankamuthera, ankasoka ndi manja. Kenako anakweza mkono wa mwanayo yekha n'kuonetsa zala zija.

"Anandiuza zoona, ine sindinamve," anamaliza choncho.

Aphunzitsi anamvetsera osamudula. Anati ayenera kucheza ndi mwanayo payekha, pamodzi ndi nesi wa pasukulupo, ndipo anamutenga n'kutseka chitseko. Alinane anatsala pakampando ka ana pakhonde, mawondo ali m'mwamba, Luntha akumukoka ndolo. Galimoto iliyonse imene inkaima panja, iye ankaiyang'ana mpaka mwini wake atatsika.

Chitseko chitatseguka, Tamandani anatuluka ndi bandeji yatsopano n'kulunjika m'kalasi, akubayibitsa mayi ake. Aphunzitsi anati nkhaniyi ailemba, poti ndi lamulo, ndipo mwina wina adzaimba foni kudzafunsa. Koma mwana akaweruka abwerera kwawo pa basi ngati masiku onse. Anawonjezera kuti mlungu wamawa ana adzayeseza zobisala mphepo, ndipo ngati akufuna, abwere adzaone.

Foni inabweradi. Mayi wina wa boma anafunsa mafunso ambiri, Alinane anayankha onse, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku loyeseza anapita. Ankaganiza kuti akaima pambali, koma belu litalira ndipo ana atandandalika m'mbali mwa khoma, atagwada, mitu pansi, manja pakhosi, iye anapezeka kuti wagwada nawo kumapeto kwa mzere. Mayi wamkulu yekha pakati pa tiana, chitenje chikukwekwereza pansi, khanda likuseka kumsana. Tiana tina tinkasuzumira m'khwapa n'kumakhwekhwetera. Nkhope inamutentha mpaka m'makutu.

Tamandani anali pafupi naye. Anatembenuza mutu pang'ono, n'kumunong'oneza.

"Mami, mutu pansi kwambiri. Manja apa."

Alinane anatsitsa mutu mpaka chipumi chinakhudza simenti, n'kuika manja pamene anauzidwa.