Mchenga mu Mpando wa Galamafoni

Mu mpando wa galamafoni ya amuna anga mulibe mtovu. Muli mchenga, ndipo ndinauthiramo ndine. Iwo sakudziwa mpaka lero. Sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anga ondibereka.

Galamafoniyi inabwera ndi maliro. Apongozi anga aamuna atamwalira ku Rumphi, abale ena anatenga njinga, ena malata, koma amuna anga anabwerera ku Area 23 ndi katoni ya mbale zakuda za nyimbo za kwaya, pamodzi ndi makina akale ozizungulitsira. Bokosi la makinawo linali litadyedwa ndi chiswe, moti linangoyoyoka m'manja. Nthawi imeneyo n'kuti ntchito yawo yosindikiza mabuku itatha. Ankadzuka, kusamba, kuvala malaya oyera, n'kukhala pakhonde osapita kulikonse. Tsono atanena kuti akhoma mpando watsopano woti makinawo akhalepo, ndinathokoza Mulungu. Ndinati bola manja apeza chogwira.

Mpando woyamba unali wa pulayiwudi. Kwaya inkamveka ngati ikuyimbira m'ndowa. Nyumba yathu ndi ya mdadada, khoma limodzi mabanja awiri, ndiye aneba akangomenyetsa chitseko singano inkadumpha. Mwana wathu wamkazi, yemwe anali atangoyamba kukwawa, akagwira mwendo wa tebulo inkadumphanso. Amuna anga anapita kwa kalipentala n'kubwera ndi thabwa lokhuthala la mlombwa. Analigoba kunsi, n'kulisalaza ndi sandipepa mpaka zala zinatuluka matuza. Pa miyendo anayesa zidutswa za patapata wanga wakale, kenako mipira ya tenesi yodula pakati. Zinasinthako ndithu. Koma ankati pansi pa mawu a azibambo a m'kwayamo pakulirabe kanthu ngati njuchi.

"Mukumva, amake mwana?"

"Ine ndikumva nyimbo."

"Makutu anuwo ndi a wailesi ya m'minibasi. Chinthuchi chapepuka. Chikufunika kulemera."

"Ndiye m'nyumba muno woyamba kulemera akhala mpando?"

Anaseka. Kunali kuseka koyamba chibwerere kumaliro, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunadzanditseka pakamwa.

Tsiku lina anatsika minibasi ndi mabatire akufa a galimoto, ochokera ku magalaja a ku Biwi. Anawaswa ndi nyundo kuseri kwa nyumba, pomwe ndimayanika matewera. Anazula zitsulo zotuwa za m'katimo, zomwe ndi mtovu, n'kuzisungunula pa mbaula yanga, m'chiwaya chakale. Utsi wake unkakanda pakhosi. Mtovuwo ankauthira m'zitini za sadini, ndipo ukauma unkatuluka ngati zidutswa za sopo.

Ine ndili ndi satifiketi ya zaumoyo. Ntchito sindinaipezepo, koma zimene ndinaphunzira sizinachoke m'mutu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana suchita phokoso. Sutupitsa, sutulutsa zidzolo. Umangokhazikika m'magazi ndi m'mafupa, mwana n'kumachedwa kukula, kuchedwa kulankhula, mutu osagwira bwino.

Ndinawauza, koma ndi mawu a munthu wopempha mchere kwa aneba.

"Abambo ake, zimenezi si zabwino kwa mwana."

"Ayambapo adokotala athu. Kwathu tinkaluma mtovu ndi mano pomangira mbedza. Ndafa ine?"

"Si za kufa ayi."

"Nanga za chiyani? Chinthu chimodzi chokha chimene bambo anga andisiyira, nachonso chikhale ndi mlandu?"

Nkhaniyo ndinaisiyira pomwepo. Ndinkaopa kuwaonanso pakhonde paja ndi malaya oyera.

Zidutswazo anazilonga m'mphako ya kunsi kwa thabwa n'kutseka ndi kathabwa kena ka masikuluwu. Koma sankakhutira. Lero atsegule awonjezere, mawa atsegule asunthe, mkuja apale chidutswa ndi mpeni kuti chikwane pakona. Fumbi lotuwa linali patebulo, pamkeka, m'zikhadabo zawo. M'mawa wina ndikuchokera kotunga madzi ndinapeza mwana atakhala pansi pa tebulo, chidutswa chili m'kamwa, akuchiyamwa ngati switi, dovu lili chuchuchu pachifuwa. Abambo ake anali kubafa. Ndinamulanda, ndinamutsuka m'kamwa ndi chala. Iye ankalirira chidutswa chake.

Mwezi umenewo kusikelo namwino anamupachika kawiri, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mayi, mwanayu sakulemera. Mumamudyetsa chiyani?"

Amayi a pabenchi anatembenuka onse. Ndinatchula phala la soya, nsinjiro, mazira. Mtovu sindinautchule. Ndikanati chiyani? Kuti kwathu chimene chikulemera mwezi ndi mwezi ndi thabwa? Komanso sindikudziwa ngati unali mtovuwo. Mwina anali mano, mwina kutsegula m'mimba kumene kunamugwira mvula itayamba. Kumene amayeza magazi pa zoterezi sindikukudziwa n'komwe. Kusadziwako ndi kumene kunkandidya.

Mchenga ndinayamba kuutapa pang'onopang'ono pamulu wa aneba ena omwe ankamanga mpanda. Ndinkausefa, kuuyanika, n'kuubisa m'chidebe kuseri kwa thumba la makala. Ndinadikira mpaka tsiku limene amuna anga ananena okha kuti basi, amanga komaliza, sadzatsegulanso. Loweruka lotsatira anapita kumaliro ku Area 25 ndi azibambo a kutchalitchi.

Masikuluwu ndinamasula ndi mpeni wosendera mbatata. Ndinachotsa mtovu wonse. Mchenga ndinauthira m'mapepala a shuga n'kuukanikiza m'makona monse, chifukwa mchenga umafuna malo ambiri kuti ufanane ndi mtovu. Ndinawonjezera timiyala. Ndinkanyamula mpandowo, kuutsitsa, kuwonjezera, kunyamulanso, mpaka mikono inavomera kuti ndi kulemera komwe kuja. Mtovuwo ndinaukulunga m'saka, mwana kumsana, n'kukwera minibasi kukausiya kwa okonza mabatire ku Biwi. Pobwera ndinakolopa nyumba mpaka mawondo anasupuka.

Amuna anga anafika dzuwa likupendeka, nsapato zili mbuu ndi fumbi la kumanda. Asanavule n'komwe anayika mbale imene bambo awo ankaikonda. Ine ndinali pakhomo ndi mwana m'manja. Anatsinzina. Aneba anamenyetsa chitseko, singano osadumpha. Njuchi ija kunalibe. Ngakhale ine wa makutu a m'minibasi ndinamva mawu a azibambo atakhala pansi bwinobwino, ngati anthuwo ali m'chipinda momwemo.

"Amake mwana, bwerani. Mwamva? Wakhazikika tsopano mtovu uja." Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo. "Ndi mmene inkamvekera kwathu."

"Ndamva," ndinatero.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma munthu akasangalala sasunga pakamwa. Anayamba kuyitana anzawo tikaweruka kutchalitchi, kuwanyamulitsa mpandowo kuti amve kulemera kwake. "Mtovu umenewo, achimwene. Palibe chinsinsi china." Mkulu wa mpingo wina wa ku Area 47, yemwe nayenso akusunga galamafoni ya makolo ake, wamvera, wagoma, ndipo wawapempha kuti amukhomere wofanana nawo. Ndi ntchito yoyamba imene munthu wawapatsa chichokere kosindikiza kuja. Masiku ano amadzuka akuyimba mluzu.

Mabatire ena afika kale. Ali kuseri kwa nyumba, pansi pa chingwe cha matewera.

Mwana wathu tsopano akuyenda. Anzake obadwa naye nyengo imodzi akuyitana amayi awo, akupempha madzi, ena akutukwana kale. Iye amangoloza. Nyimbo ikamayimba amapita kutebulo n'kugoneka tsaya lake pa mlombwa, abambo ake n'kumati mwanayu watengera makutu a agogo ake.

Ndikaulula, ndiye kuti ndawauza kuti misozi ija anakhetsera mchenga wa aneba, kuti ananamiza azibambo onse a kutchalitchi, ndipo wowanamizitsa ndi mkazi wawo. Sindikudziwa ngati angadzukenso pakhonde paja. Ndikapanda kuulula, Loweruka mbaula iyakanso.

Inu amene mwawerenga, ndiuzeni. Ndinachita bwino kuthira mchenga mwakachetechete, kapena ndinangothawa mkangano umene mwana wanga ankafunika kuti ndiwumenye poyera?